Apongozi anakana nkhuku yanga chifukwa cha poto wa mlamba

Funso: Ndine mayi wa ana awiri. Kwathu ndi ku Dedza koma tikukhala ku Lilongwe. Mwezi wathawu apongozi anga aakazi, omwe ndi a mpingo wa Seventh Day, anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaona adzukulu. Ndinawaphera nkhuku yachikuda, koma mwana atawaululira kuti poto ameneyo ndimaphikiramonso mlamba ndi kapado, nkhukuyo sanaikhudze. Masiku atatu onse anadyera masamba ndi nyemba. Atamvanso kuti anawo amadya mbewa akapita kwa mayi anga, nkhope inagwa. Amuna anga anasiya kupemphera kalekale, komabe nkhumba saiyandikira. Ineyo ndayamba kutuluka ziwengo ndikadya nyama ya mbuzi, ndipo azakhali akuti ndinalakwira mwambo wa kumtundu. Kodi kusala nyama kotereku kuli ndi maziko, kapena apongoziwa akungondiderera? Nanga ana ndiziwadyetsa chiyani?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi nkhuku munaphayo, chifukwa ndikudziwa kuti pamene pakuwawa ndi pomwepo. Kwathu kuno nkhuku ndi ulemu wa mlendo, ndipo mlendo akaikana zimamveka ngati wakana mwini khomo. Koma taonani bwino zimene mwalemba. Apongozi anu sanalongedze chikwama n'kubwerera ku Thyolo. Anakhala masiku atatu, nsima yotuluka m'manja mwanu anadya, masamba anu anadya. Munthu amene wanyansidwa ndi mpongozi wake sadya nsima yake katatu patsiku. Chimene anakana ndi poto.

Kukana kwawoko sikunayambire pakhomo panu. A Seventh Day amatsata mndandanda wa pa Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14. Nyama ya pamtunda iyenera kukhala yogawanika ziboda komanso yobzikula. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zili nazo zonse ziwiri. Nkhumba ziboda n'zogawanika koma sibzikula, ndiye yagwa. Za m'madzi ziyenera kukhala ndi zipsepse ndi mamba. Chambo, usipa, utaka ndi matemba zilibe mlandu, pamene mlamba ndi kampango, zoterera zija, zilibe mamba. Mbewa ndiye inachita kutchulidwa dzina pa vesi 29. Pa vesi 33 pali mawu amene akugwa ndendende pa nkhani yanu: chodetsedwa chikagwera mumphika wadothi, za mkatimo zadetsedwa, ndipo mphikawo auswe. Si wa Seventh Day aliyense amene amafika nazo mpaka pa poto; ambiri akaona kuti mwatsuka ndi sopo, zatha. Koma mayi wachikulire wa ku Thyolo, kumene mpingowu unakhazika mishoni ya Malamulo mu 1902, mwina ndi wa m'badwo wachitatu kapena wachinayi wosadziwa kukoma kwa mlamba. Kwa iwo zimenezi zinasiya kalekale kukhala phunziro la ku Sukulu ya Sabata, zinatsikira m'mimba.

Mudzamva Akhristu ena akunena kuti masomphenya a Petro pa Machitidwe 10 anamasula zonsezi. A Seventh Day amayankha kuti masomphenyawo ankanena za anthu a mitundu ina, osati ndiwo. Mkangano umenewo ndi wakale kuposa inu ndi ine, ndipo simungaupambane muli ndi chipande m'manja. Usiyeni.

Tsopano ndikufunseni inuyo, mwana wa ku Dedza. Chimanga chikachoka m'munda, anyamata amanyamula makasu n'kumalondola mauna. Mbewa akazikumba amazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuziyanika, kenako n'kuzipana pampani, ubweya, mutu ndi mchira zili pompo. Mwaziona m'mbali mwa msewu wa M1, ana akuzikweza m'mwamba basi ikamadutsa. Pakapezeka kapuku wonona uja, mudzi wonse umadziwa kuti lero nsima ilowa. Ndikukhulupirira kuti pofika apa mate adzadza kale m'kamwa mwanu. Ndiye tiyerekeze kuti mnzanu woyandikana naye wabwereka poto wanu, pobweza n'kunena kuti, "Pepani anzanga, ndinaphikiramo khoswe wa kudenga, koma ndakwecha bwinobwino." Mungaphikiremo phala la mwana mawa lake? Kwa wasayansi, khoswe ndi mbewa zambiri za kumunda ndi pachibale, banja limodzi. Kwa Mchewa ina ndi ndiwo, ina ndi nyansi, ndipo palibe tsiku limene wina anamukhazika pansi n'kumufotokozera chifukwa chake. Malire amene inu mumaika pakati pa mbewa ndi khoswe, apongozi anu amawaika pakati pa chambo ndi mlamba.

Katswiri wa kaganizidwe ka anthu wa ku America, Paul Rozin, anayesa zimenezi ndi anzake m'zaka za m'ma 1980. Ankatenga mphemvu yakufa, yophedwa majeremusi onse, n'kuiviika m'tambula ya juwisi anthu akuona, kenako n'kuichotsa. Anthuwo juwisiyo sankamufunanso, ngakhale ankadziwa bwino kuti mulibe chowadwalitsa. Nseru simva za sopo. Iyo imati chimene chakhudzana ndi nyansi chatengera unyansiwo, basi.

Amuna anu ndi umboni wina. Mwana wokwawa amatola chilichonse n'kuponya m'kamwa, ngakhale zitosi za nkhuku. Kunyansidwa amachita kuphunzira, poona nkhope za akulu zikukwinyika ndi kumva "thu, taya!" Kukakhazikika kumakhala nthawi yaitali kuposa chikhulupiriro chimene chinakubereka. Munthu amasiya tchalitchi, amayamba kugwira ntchito Loweruka, mowa amamwa, koma akadutsa pa chiwaya cha kapado fungo lokha limamuvundula m'mimba. Asilamu ambiri olowerera nawonso amatero: botolo agwira, nkhumba ayi. Musawanene kuti ndi achiphamaso, sakuchitira dala.

Zimasintha, koma m'mibadwo. Angoni, a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu 1835 komanso a Maseko amene zidzukulu zawo zili ku Ntcheu, anabwera ndi mwambo wa kwawo kummwera wosadya nsomba. Kwa anthu a ng'ombe amenewa nsomba inali ngati msuweni wa njoka. Atakwatira akazi a Chichewa ndi a Chitumbuka, ana n'kumakulira pamsana pa amayi odya usipa, mwambowo unasungunuka, moti lero ku Lizulu ndi ku Mzimba matemba amayenda malonda ngati kwina kulikonse. Angoni omwewo ndiwo eni uwende, magazi ophika, chakudya chimene Msilamu, wa Seventh Day ndi wa Mboni za Yehova onse atatu sangachilawe. Ndi kunja komwe zili choncho. Mu 2013 ku Britain kunali chipwirikiti atapeza nyama ya hatchi m'zakudya zolembedwa kuti ndi ng'ombe. Chinyengo chinalipo, inde, koma chimene chinanyansa anthu ambiri chinali hatchiyo, pamene kutsidya kwa nyanja ku France kuli mabutchala ake a hatchi. Mbira imene ife timaweta kukhitchini kuti ikhale ndiwo ya ana, ku London amaipatsa dzina n'kumaisisita pamiyendo.

Mwafunsa ngati zili ndi maziko, ndipo ndikuganiza kuti mukutanthauza maziko a zaumoyo. Apa ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Anthu amakonda kunena kuti makolo kapena mabuku oyera analetsa nkhumba chifukwa cha matenda. Matenda a nkhumba alipodi. Nkhumba yoyendayenda, kumudzi kopanda zimbudzi, imadya chimbudzi cha anthu n'kutenga mazira a njoka ya m'mimba. Nyama yake imakhala ndi timatuza toyera ngati mpunga, timene kummawa kwa Zambia amati masese. Munthu akadya yosapsa, njokayo imakula m'matumbo mwake, ndipo mazira ake akalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'manja kapena madzi akuda, amatha kukafika kuubongo n'kuyambitsa khunyu. Zimenezo ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake kapado wa pa chiwaya wofiira mkati sindimamukhululukira. Koma ng'ombe, imene mabuku onsewa amailola, imapatsira anthu nthenda ya anthrax ndi chifuwa chachikulu. Nkhuku yosapsa imatsegula m'mimba. Ndipo mlamba walakwa chiyani? Ndi nsomba yabwino, ya mafuta abwino, imene yalera anthu a ku Nsanje ndi ku Chilwa mibadwo yonse. Malamulo a kadyedwe akanakhala buku la zaumoyo, mndandanda wake ukanakhala wina.

Pali pamodzi pokha pamene Baibulo, Korani ndi mlangizi wa ziweto amayankhula chimodzi: nyama yofa yokha. Deuteronomo 14 vesi 21 imailetsa, Korani pa Sura 2 vesi 173 ndi Sura 5 vesi 3 imailetsa limodzi ndi magazi ndi nkhumba. Mu 2011 ku Chama, ku Zambia, anthu oposa 500 anadwala anthrax, ambiri atasenda ndi kudya mvuu zimene zinafa mumtsinje wa Luangwa. Kumapeto kwa 2018 mvuu zinafanso ndi nthenda yomweyo mu Shire ku Liwonde, boma n'kuchenjeza anthu kuti asadye. Lamulo limenelo ndiye ana anu aliloweze, kaya adzakhala a mpingo uti.

Ntchito yaikulu ya kusala nyama ndi kunena kuti ndife ayani. Chikhulupiriro chili mumtima sichioneka, koma mbale imaoneka katatu patsiku. Myao wa ku Mangochi akafunsa kuti mbuziyi anazinga ndani, sakukayikira ukhondo wanu; akufuna kudziwa ngati dzina la Allah linatchulidwa pozinga ndipo magazi anakhetsedwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno, ndipo ndimati tiphunzire pa mmene midzi yosakanikirana inathetsera nkhaniyi popanda komiti kapena msonkhano. Pamaliro kapena paukwati ku Balaka, ku Salima, ngakhale m'makwalala a ku Lilongwe, mbuzi ikamangidwa pamtengo mumamva wina akuti, "Kaitaneni a Shehe adzazinge." Mkhristu sanataye kanthu, mbuzi ndi yomweyo, koma tsopano mudzi wonse udya mbale imodzi. Palibe amene anatembenuka, palibe amene ananyozeka. Nzeru imeneyo ndi imene ikufunika m'khitchini mwanu.

Tibwere kwa azakhali. Mwambo wosala nyama ya kumtundu ulipodi. Tamverani mayina a mfunda kapena chiwongo: Njovu, Tembo amene ndi mbidzi, Soko amene ndi nyani, Ngoma (nyama ya kutchire ija, osati yoimba), Nguluwe, Ngwenya amene ndi ng'ona, ndipo a Mbuzi nawonso alipo. M'mabanja ambiri a mayina otere, kudya nyama ya dzina lako kunali ngati kudya m'bale. Abale athu amene anakulira ku Zimbabwe amadziwa kulimba kwake kwa Ashona, kumene amati mutupo, ndipo wodya mutupo wake amati mano amaguluka. Koma mifunda ikuluikulu ya Achewa, Phiri ndi Banda, si mayina a nyama. Chinanso, kusala kwa kumtundu munthu amabadwa nako, banja lonse limakudziwa, sikubwera uli mayi wa ana awiri. Afunseni azakhali mwaulemu kuti, "Kodi m'banja mwathu winanso wosadya mbuzi ndani, nanga anayambitsa ndi agogo ati?" Ngati bambo anu ankadya mbuzi pa Khirisimasi iliyonse, inunso n'kumadya nawo osatuluka kanthu, ndiye kuti yankho lili m'thupi mwanu.

Ndipo thupi limatha kuyamba kukana nyama munthu atakula. Madokotala a ku University of Virginia anafotokoza mu 2009 za mtundu wa ziwengo umene umayamba munthu akalumidwa ndi nkhupakupa. Malovu a nkhupakupa amachititsa thupi kudana ndi kashuga kena kotchedwa alpha-gal, kamene kamapezeka mu nyama ya zoyamwitsa: mbuzi, ng'ombe, nkhosa, nkhumba, ndi mbewa zomwe. Mu nkhuku ndi mu nsomba mulibe. Chodabwitsa chake n'chakuti ziwengozo sizituluka pompopompo ngati za mtedza. Zimadikira maola awiri mpaka asanu ndi limodzi, moti munthu amadya madzulo n'kudzuka pakati pa usiku akudzikanda, osaganizira n'komwe za ndiwo. Kumidzi ya Eastern Cape ku South Africa anapezako anthu ambiri otere. Ziwengo zimathanso kuchokera ku zokometsera kapena mafuta amene mumathira mu mbuziyo. Choncho tengani kope, muzilemba chimene mwadya, nthawi yake, ndi nthawi imene ziwengo zatuluka. Muonenso ngati ng'ombe ndi kapado zikuchita chimodzimodzi. Kopelo mupite nalo kuchipatala, ndipo pakadali pano mbuzi muyambe mwaisiya. Tsiku limene milomo kapena lilime latupa, kapena mpweya ukubanika, musadikire kuti kuche, thamangani kuchipatala usiku womwewo.

Ndiulule zanga. Ineyo bakha sindidya, ndipo palibe mpingo kapena mfunda wondiletsa. Ndili mwana ndinadya bakha madzulo omwe malungo anandigwira, ndinasanza usiku wonse, ndipo mpaka lero thupi langa limaimba mlandu bakha m'malo mwa udzudzu. Mutu umadziwa kuti bakhayo analibe chifukwa, koma pakhosi pamatseka. Anthu ambiri onena kuti "nyama yakuti sindigwirizana nayo" nkhani yawo ndi yotere, kapena anaona mbuzi imene ankaiweta ikuzingidwa. Ameneyo simumukakamiza, simumufunsanso zambiri.

Pali mtundu umodzi wa kusala umene sindiupatsa ulemu, ndipo mukadzakumana nawo mudzalimbe mtima. Ndi uja woletsa ofooka kuti amphamvu adye. Mayi woyembekezera asadye mazira, mwana angadzabadwe wopanda tsitsi. Mwana asadye mazira. Nthutumba ndi chiwindi ndi za abambo, ana alandire mutu, miyendo ndi msuzi. Muone kusiyana kwake: apongozi anu akasala mlamba amadzimana okha, pamene malamulo awa amaikidwa ndi wina, kugwera wina, ndipo chosalidwacho chimakathera m'mbale ya woika lamuloyo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Dzira ndi chiwindi ndi zina mwa zakudya zotchipa zimene zimamanga thupi la mwana ndi kuwonjezera magazi a mayi woyembekezera. Tsitsi la khanda silikhudzana ndi dzira; ana obadwa opanda tsitsi alipo kwa odya mazira ndi osadya omwe.

Ndiye ana anu? Kusikelo anakuphunzitsani magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo gulu la zanyama ndi lalikulu: nsomba, nkhuku, mazira, mkaka, ng'ombe, mbuzi, ziwala, ngumbi, mbewa. Mwana wosadya nkhumba ndi mlamba koma wodya usipa ndi mazira sataya kanthu. Mwana wodya mbewa kwa agogo ake ku Dedza nayenso sakulakwa. Ndi ndiwo yabwino, bola ikhale yokumba kapena yotchera, osati yophedwa ndi poizoni, ndipo ipse bwino. Choti ana adye mugwirizane inu ndi bambo awo, osati agogo a mbali iliyonse. Ndikudziwa kuti kwanu ku Dedza wina akuuzani kuti ana ndi a kuchikazi, apongozi alibepo mawu. Mawu amenewo musawatulutse pa nkhani ya ndiwo, adzapsereza zambiri. Anawo auzeni zoona zake: ku Dedza timadya mbewa, ku Thyolo agogo sadya chifukwa cha mpingo wawo, ndipo tikakhala kwawo timadya zimene iwo amadya. Asamaseke, komanso musawaphunzitse kubisa. Mwana amene anaulula za poto uja sanalakwe, musamukalipire.

Wolakwa pang'ono pa nkhaniyi ndi amuna anu. Anakulira m'nyumba imeneyo, amadziwa za poto, ndipo anakusiyani kuthamangitsa nkhuku, kuisosola, kuiphika, osanena kanthu. Mayi awo ndi awo, ndiwo ayenera kuwauza kuti, "Amayi, mpongozi wanu sankadziwa, ndipo zinamupweteka." Nkhani ya mbewa za adzukulu ayankhenso iwo, inu musalowepo.

Chimodzi chokha musadzachite, ngakhale mnzanu atakunong'onezani: kuphikira m'poto yemweyo n'kunama kuti ndi watsopano, kapena kuthira msuzi wa kapado m'masamba kuti muone ngati adzazindikira. Sadzadwala, n'zoona. Koma m'nyumba ya ana mulibe chinsinsi, mwaona kale, ndipo tsiku limene adzadziwe sadzadyanso ngakhale nsima yanu.

Gulani poto mmodzi, chipande ndi mbale ziwiri, muzisunge pamwamba pa kabati. Akadzabweranso, muwaonetse potoyo pepala la kusitolo likadali pompo, n'kunena kuti, "Amayi, uyu ndi wanu, m'menemu simunalowe kanthu." Ngati angafune kuzinga okha nkhuku kapena kuphika okha, apatseni mpeni. Masiku amene ali pakhomo, kapado ndi mlamba ziyambe zapuma. Chambo, usipa, nyemba ndi nkhuku zikukwanirani nonse, ndipo kwa inu a ziwengo n'zabwinonso. Mukumbukirenso kuti Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, ndipo ambiri a msinkhu wawo safuna zogula kapena kuphika zambiri m'maola amenewo. Ngati ulendo wawo udzagwere kumapeto kwa sabata, nkhukuyo izingidwe Lachisanu masana.